Maola 60 pamlungu m'sitolo ya simenti: kodi munthu azigwira ntchito mpaka pati?

Mlungu uno talandira imelo kuchokera kwa bambo wina wogwira ntchito m'sitolo yogulitsa simenti, malata ndi misomali. Tayifupikitsa motere:

"Ndimalowa 7 koloko m'mawa n'kuweruka 6 koloko madzulo, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Nthawi zina abwana amandiitana Lamulungu kuti tikatsitse katundu. Ndimalandira K156,000 pamwezi. Ana ndimawapeza atagona, ndipo msana sukundipatsa mtendere. Ndikadandaula, anzanga amati mwamuna salira ndi ntchito. Kodi ntchito timagwiriranji, ndipo munthu ayenera kugwira yochuluka bwanji? Kapena ndayamba ulesi?"

Achimwene, umenewo si ulesi. Munthu amene amasenza matumba a simenti a makilogalamu 50 kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa sangatchedwe waulesi. Funso lanu ndi labwino, ndipo tiliyankha ndi manambala.

Timagwira ntchito kuti pakhomo pakhale ufa ndi ndiwo, lendi ilipidwe, ana apite kusukulu, wodwala apeze mankhwala. Ntchito imapatsanso munthu ulemu: wogula akabwera n'kukufunsani kuti denga lake lifuna malata angati, inu n'kumuwerengera bwinobwino, mwathandiza munthu kumanga nyumba. Koma moyo uli ndi ntchito zina zomwe palibe amalipira: kukhala pa siwa mnansi akaferedwa, kudwazika kholo ku chipatala, kuona makope a mwana, kupemphera, kugona. Zonsezi zimafuna maola, ndipo maolawo amachokera m'tsiku limodzimodzi lomwe abwana akulidya. Ntchito ikameza zonsezi, yaiwala chimene munaiyambira.

Tsono tiwerenge. Kuchokera 7 koloko mpaka 6 koloko ndi maola 11. Tichotsepo ola limodzi la nkhomaliro, ngati mumalipezadi, atsala 10. Masiku 6 ndiye kuti maola 60 pamlungu, osawerengera Lamulungu lija.

Lamulo la zantchito m'Malawi, Employment Act ya 2000, limati maola a ntchito asapitirire 48 pamlungu, ndipo wogwira masiku 6 asapitirire maola 8 patsiku. Opyola pamenepo ndi ovataimu, yomwe ili ndi mitengo yake. Ola lowonjezera pa tsiku la ntchito limalipidwa mtengo wa ola limodzi ndi theka. Ola logwira pa tsiku lanu lopuma kapena pa holide ya boma limalipidwa kawiri. Lamulo lomwelo limati mukagwira masiku 6 otsatizana mupume maola 24 athunthu, ndipo pachaka mukhale ndi tchuthi cholipidwa cha masiku 18, kapena 15 kwa ogwira masiku 5 pamlungu. Nambala ya 48 imeneyi sanaipeke a ku Lilongwe ayi. Pangano loyamba lenileni la bungwe la zantchito padziko lonse la ILO, mu 1919, linali lokhudza maola 8 patsiku ndi 48 pamlungu. Tsiku la apantchito lomwe timakumbukira pa 1 Meyi nalonso linachokera ku sitalaka ya ku Chicago mu 1886, pomwe anthu ankamenyera maola 8 omwewa, ena mpaka kutaya miyoyo.

Malipiro anu tiwagawe. Masiku a ntchito pamwezi ndi pafupifupi 26, ndipo 26 kuchulukitsa ndi 8 ndi maola 208. K156,000 kugawa ndi 208 ndi K750 pa ola. Ola la ovataimu ndiye K1,125. Inu mukuwonjezera maola awiri tsiku lililonse, omwe pamwezi ndi 52. Choncho K58,500 ikutsalira m'thumba la abwana mwezi uliwonse. Lamulungu mukatsitsa katundu kwa maola anayi, imeneyo ndi K6,000 yapadera. Ikani K58,500 pambali pa lendi yanu muone.

Koma tisakunamizeni kuti ndalama ikabwera vuto latha. Thupi lili ndi malire ake omwe ovataimu singawasunthe. Mu 2021, bungwe la zaumoyo la WHO pamodzi ndi ILO anatulutsa kafukufuku woonetsa kuti ogwira maola 55 kapena kuposa pamlungu ali pachiopsezo cha sitiroko chokwera ndi 35 peresenti, ndi cha imfa ya matenda a mtima chokwera ndi 17 peresenti, poyerekeza ndi ogwira maola 35 mpaka 40. Anawerengera kuti m'chaka cha 2016 chokha anthu pafupifupi 745,000 padziko lonse anamwalira kaamba ka zimenezi. Inu muli pa 60. Njira yake si yachilendo: munthu wamkulu amafunika tulo ta maola osachepera 7, ndipo tulo tikamaperewera mwezi ndi mwezi BP imakwera mwakachetechete. Wotopa amadya zilizonse zapamsewu, sapeza mpata wopita ku chipatala, ena amayamba kuzimitsa kutopako ndi mowa. Pa ntchito yonyamula ngati yanuyi palinso china. Munthu akatopa amasiya kupinda mawondo ponyamula thumba, amangowerama n'kukoka ndi msana, ndipo ambiri amavulala m'maola omalizira a tsiku. Pitani mukayezetse BP ndi kuonetsa msanawo musanayambe china chilichonse. Ululu ukayamba kutsikira m'mwendo kapena phazi kuchita dzanzi, musadikire malipiro a mwezi.

Maganizo athu ndi awa: 48 akhale denga, osati poyambira. Kupyola pamenepo kukhale kwa kanthawi, pa chifukwa chodziwika, monga mlungu womwe thiraki ya simenti yafika kapena mwezi wosaka fizi, ndipo kukhale kolipidwa.

Poyambira ndi kabuku. Gulani kope laling'ono lokwana m'thumba la malaya, ndipo tsiku lililonse lembani deti, nthawi yolowa, nthawi yotuluka, ndi mphindi zomwe munapuma masana. Lembani tsiku lomwelo, osati kudzaza masamba onse kumapeto kwa mwezi ndi cholembera chimodzi, chifukwa kope lotero aliyense amalikayikira. Abwana akakuitanani Lamulungu pa WhatsApp, uthengawo musaufufute. Milandu yambiri ya ovataimu imagwera pomwepa: wantchito amati ndinkagwira mpaka usiku, abwana amati ankaweruka 4 koloko, ndipo palibe pepala.

Chachiwiri, onani kalata yanu ya ntchito. Lamulo limafuna kuti wolemba ntchito akupatseni pepala losonyeza mmene malipiro awerengedwera, ndipo ngati ali ndi antchito osachepera asanu, akupatseninso zolembedwa zonena za malipiro ndi maola anu. Ngati munangolowa ndi mawu apakamwa, pemphani mwaulemu. Mabwana ena amati ovataimu ili kale m'malipiro. Afunseni kuti yalembedwa pati ndipo ndi ya maola angati.

Pakatha mwezi, pitani kwa abwana ndi kabukuko. Sankhani nthawi yomwe m'sitolo mulibe ogula, ndipo musakayambe ndi mawu akuti mukundibera. Aonetseni masamu n'kuwapatsa njira ziwiri: alipire maola owonjezerawo, kapena musinthane ndi mnzanu kuti wina azilowa 7 n'kuweruka 4, wina azilowa 9 n'kutseka 6. Njira yachiwiriyi abwana ambiri amaimva msanga chifukwa siwatulutsa ndalama, ndipo kwa msana wanu ndi ana anu ndiyo yabwino koposa. Ngati muli angapo, pitani limodzi. Mmodzi amaoneka wovuta, anayi amaoneka kuti nkhani ilipo.

Zikakanika, kuli ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, yomwe ambiri amangoti ku Leba. Kumeneko amaitana mbali zonse ziwiri kuti mugwirizane, ndipo zikavuta nkhani imapita ku khoti la Industrial Relations Court. Lamulo silivomereza kuchotsa munthu ntchito chifukwa choti wakadandaula. Komabe tinene zoona: pakhomo pa sitolo pali anyamata ambiri ofuna malo anu, milandu imachedwa, ndipo abwana okwiya amatha kufunafuna chifukwa china. N'chifukwa chake pamasiku amenewa musachedwe kuntchito, musasainire pepala lomwe simunaliwerenge, ndipo musalembe kalata yosiya ntchito chifukwa cha mkwiyo.

Mwina mukuganiza zosiya kuti muyambe geni yanu. Dziwani kuti kumeneko kulibe lamulo lokuweruzitsani. Wakabaza, wosoka zovala ndi mayi wa mandasi ambiri amagwira maola oposa anuwa. Kabuku kaja kamagwiranso ntchito komweko: lembani zomwe mwapeza ola ndi ola kwa milungu iwiri, muchotse mafuta, chiphaso cha msika ndi zina zomwe mwalowetsa. Nthawi zambiri mudzapeza maola ena omwe mumangokhala padzuwa osagulitsa kanthu. Amenewo ndi oyamba kudula, ndipo tsiku lopuma mulisankhe pa tsiku lomwe kabukuko kakuonetsa kuti malonda amayenda pang'ono.