Masabata 8 ndi mabokosi 40: musayambire pa sikana

Kalata yomwe yandifika sabata ino ndi ya wophunzira za laibulale amene wapita ku atachimenti ya masabata 8 pa bungwe lina lakale ndithu. Amutsegulira chipinda chokhala ndi mabokosi pafupifupi 40 a mafayilo, makalata ndi zithunzi, n'kumuuza kuti achitepo kanthu. Maganizo ake ndi oti asanje zonse potsata mitu ya nkhani, kenako azijambule pa sikana. Akufunsa kuti ayambe ndi chiti.

Musayambe n'chilichonse mwa ziwirizi.

Kusanjako n'kumene kumandiwawa mtima kwambiri. Mu laibulale buku lililonse limaima palokha, ndipo dongosolo lomwe Melvil Dewey anatulutsa mu 1876 linapangidwira kuti mabuku a mutu umodzi azikhala pamodzi, zachipatala ku 610, zaulimi ku 630. Mafayilo a muofesi sayenda choncho. Pepala limamveka chifukwa cha mapepala omwe lagundana nawo. Kachikalata kopanda deti kolembedwa kuti "ndavomereza, lipirani" kali ndi ntchito pokhapokha kali pamwamba pa invoisi yake. Mukakachotsa n'kukaika pa mulu wa zachuma, palibenso amene adzadziwe kuti anavomereza chiyani komanso liti. Ku France anayamba asanjapo zolembedwa za boma potsata mitu, ndipo mu 1841 anakhazikitsa lamulo loti zolembedwa za ofesi imodzi kapena munthu mmodzi zisasakanizidwe ndi za wina. Pambuyo pake panabwera lamulo lina loti ndi m'kati momwe mwa mafayilowo musamasinthe dongosolo lomwe eni ake anasiya. Buku mukaliika pa shelefu yolakwika mudzalibweza mawa. Fayilo mukaimwaza, yamwazika basi.

Vutoli silichokera kwa ophunzira okha. Maphunziro ambiri amathera nthawi yaitali pa kulemba katalogi ya mabuku, ndiye munthu amalowa m'chipinda cha mafayilo ndi maso oonera mabuku. Nawonso oyang'anira amene amangoti chitanipo kanthu akuthawa ntchito yawo. Wophunzira si wantchito waulere wodzakonza m'miyezi iwiri chipinda chomwe bungwe lakhala likutayiramo zinthu kwa zaka zambiri. Atachimenti yopanda munthu woona ntchito yanu kamodzi pa sabata ndi kusesa chabe, ngakhale akupatseni satifiketi yokongola.

Za sikana tingowerengera. Tiyerekeze kuti bokosi lililonse lili ndi mapepala 1,000. Ndiye kuti onse ndi 40,000. Pepala limodzi litamatenga mphindi imodzi yokha, kulitulutsa, kuliwongola, kulijambula, kuona ngati latuluka bwino ndi kulibwezera, pakufunika maola oposa 660. Masabata anu 8, mutamagwira maola 40 pa sabata osapuma, ndi maola 320. Simufika ndi theka lomwe. Choipa kuposa apo n'choti mudzasiya kompyuta yodzaza ndi IMG_0001 mpaka IMG_9000, zopanda mndandanda wonena kuti chithunzi chiti chachokera m'bokosi liti. Munthu wofuna kalata inayake adzabwerera ku mabokosi konkuja. Kujambula kumabwera kumapeto, zinthu zitalembedwa kale m'kaundula. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Poti tatchula zogwira mapepala, pali zizolowezi zina zomwe zimaoneka ngati ukatswiri koma zimawononga. Magolovesi oyera a thonje aja si abwino pa mapepala: zala sizimva m'mphepete mwa pepala, ndipo lofumbutuka limang'ambika mosavuta. Sambani m'manja, pukutani, musadzole mafuta. Magolovesi a nitrile, opyapyala ngati a kuchipatala aja, asungireni zithunzi ndi mafilimu, chifukwa chidindo cha chala chimakhalira pamenepo. Cholembera chikhale pensulo yofewa, ya 2B, bolopeni isalowe n'komwe m'chipindamo. Selotepi pa pepala long'ambika ayi. Guluu wake amalowerera m'pepala, amasanduka wachikasu, tepiyo n'kugwa, banga n'kutsala. Ikani pepala long'ambikalo m'foda yakeyake. Laminesheni ndiye yoipitsitsa chifukwa kutentha ndi pulasitikiyo sizibwezeka. Malabala omangira mafayilo amauma n'kumatirira, adulenitu. Zodula za m'nyuzipepala zili ndi asidi wambiri ndipo zimadetsa pepala loyandikana nalo, choncho ikani pepala lopanda asidi pakati. Mapepala oterera a fakisi yakale amafufutika okha, apangeni fotokope lero lomwe mwawaona.

Nanga mawaya a stepula ndi timapini tachitsulo? Apa anthu a ntchitoyi amasiyana. Kale ankati chotsani chilichonse chachitsulo. Mu 2005 Mark Greene ndi Dennis Meissner a ku America anatsutsa zimenezi, n'kunena kuti nthawi ikuthera pa timawaya pomwe mabokosi ochuluka ali chikhalire osalembedwa, osafikirika kwa wofufuza aliyense. Ine ndili kumbali yawo, koma ndi maso. Ngati chipinda n'chachinyezi ndipo dzimbiri layamba kudya pepala, chotsani, pogwiritsa ntchito kampeni kopyapyala kowongolera miyendo ya wayayo kumbuyo, osati kachida kamano kaja ka muofesi. Ngati waya ndi woyera, musiyeni, pitani pa fayilo ina.

Chomwe simuyenera kuchisiya ndi nkhungu. Imamera chinyezi cha mumpweya chikapitirira 65 peresenti, ndipo imadwalitsa chifuwa. Bokosi lonunkha chuku kapena looneka timadontho toyera, tobiriwira kapena takuda musaliphuphe, musaliuzire ndi pakamwa. Valani masiki ya N95, lipatuleni kwa anzake, uzani oyang'anira. Chimodzimodzi filimu yonunkha ngati viniga: imeneyo yayamba kuwola ndipo mpweya wake umafulumizitsa zinzake. Mabokosi akhale pa shelefu, masentimita 10 mpaka 15 kuchoka pansi, osatsamira khoma, kuti muzitha kuona njira za chiswe komanso kuti madzi akalowa asawapeze.

Muonamonso zinthu zoti simunayenera kuziona: malipiro a anthu, makalata a chilango, mwina za matenda. Foni ikhale m'thumba. Kalata yakale yoseketsa yomwe mwaika pa Facebook ili ndi mwini wake, kapena ana ake.

Ndiye masabata 8 aja muwagawe bwanji

Sabata yoyamba ndi yachiwiri ndi zoyendera. Lembani nambala pa bokosi lililonse ndi pensulo, 1 mpaka 40, momwe mwawapezera. Tsegulani lililonse kwa mphindi 15 kapena 20, osatulutsa kanthu, ndipo mulembe mu Excel mzere umodzi: ofesi yomwe linachokera, mtundu wa zomwe zilimo, chaka choyamba ndi chomaliza, ndi momwe lilili. Funsaninso wantchito amene wakhalitsa pa bungwepo, nthawi zambiri amadziwa kuti mabokosi ati anatuluka m'kabati ya ndani.

Mukatero sankhani, pamodzi ndi oyang'anira, gulu limodzi la mabokosi atatu mpaka asanu, monga maminitsi a misonkhano ya bodi. Lembani fayilo iliyonse payokha, osati pepala lililonse. Muyezo wofotokozera mafayilo otere, wotchedwa ISAD(G), wa bungwe la International Council on Archives, uli ndi zigawo 26, koma zofunikira ndi 6: nambala yolozera, mutu, amene anapanga fayiloyo, zaka, kuchuluka kwake, ndi kunena ngati mukufotokoza gulu lonse kapena fayilo imodzi. Mutu womwe mwapeka nokha chifukwa fayilo inalibe, ulembeni m'mabulaketi kuti uzisiyana ndi wa eni ake.

Sabata ya 7 jambulani mapepala 100 kapena 200 okha a m'gululo, mutatchera sikana pa 300 dpi (timadontho pa inchi) pojambula zolembedwa, 600 pojambula zithunzi. Sungani ngati TIFF, mtundu wa fayilo wosunga chithunzi osachichepetsa ubwino, ndipo JPEG kapena PDF zikhale zogawira anthu. Dzina la fayilo ya pa kompyuta likhale nambala yolozera ija, monga B12_F03_001 (bokosi 12, fayilo 3, pepala 1), ndipo makope akhale m'malo awiri osiyana, osati pa fulashi imodzi. Sabata yomaliza lembani masamba awiri a amene adzabwere pambuyo panu: zomwe mwamaliza, pomwe mwalekezera, momwe manambala akuyendera, ndi mabokosi omwe ali ndi nkhungu. Pemphani chilolezo chotenga kope ya mndandandawo, mutachotsamo mayina a anthu, kuti mudzaonetse pofunsira ntchito.