Kodi liwiro la 30 pasukulu si kuzunza madalaivala?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Area 25 amene amayendetsa minibasi. Akuti makolo kusukulu ya mwana wawo agwirizana zopempha kuti pamsewu wa pasukulupo magalimoto asamapitirire liwiro la makilomita 30 pa ola. Bamboyu sakugwirizana nazo. Akufunsa kuti, poti mu Lilongwe magalimoto akuyenda kale mokwawa, bwanji osangophunzitsa ana kuwoloka bwino?

Bambo, ndikukumvetsani. Madzulo bwana amafuna ndalama yake yokwanira, samva za mzere wa magalimoto. Koma tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti chigawo cha pasukulucho ndi mamita 500. Pa 60 mumachidutsa m'masekondi 30, pa 30 m'mphindi imodzi. Mwataya theka la mphindi basi. Kodi si inu nomwe mumaima pasiteji, injini ikulira, kudikira munthu mmodzi amene kondakitala wamuonera patali akubwera chokoka miyendo?

Nanga thekalo likugula chiyani? Galimoto yothamanga 60 imadya mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Diso laona mwana, phazi lisanafike n'komwe pa buleki, mamitawo apita. Pa 30 ndi mamita 8 okha. Ndiye mukaponda bulekiyo, galimoto ya pa 60 imakaima pamtunda wotalika kanayi kuposa ya pa 30, osati kawiri monga ambiri amaganizira.

Kuphunzitsa ana n'kofunika, sindikukana. Koma mwana wa Sitandade 1 ndi wa zaka 6. M'mawa wina mumsewu wa Likuni ndinaona kamtsikana katagwira mlongo wake dzanja, kwinaku katanyamula tsache ndi jumbo ya makope. Kanayang'ana uku ndi uku monga kanaphunzitsidwira. Mnzake atakaitana kutsidya, zonse zinaiwalika, kanangoti liyaa! kuseri kwa minibasi yoima, pomwe wakabaza wa njinga yamoto ankatulukira. Mwayi wake wakabazayo anali asakuthamanga. Mwana wotero ndi wamfupi, saoneka kuseri kwa galimoto, ndipo sanafike podziwa kuti chikubweracho chili pa liwiro lanji. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti ngozi za pamsewu ndizo zimapha kwambiri anthu a zaka 5 mpaka 29 padziko lonse. N'chifukwa chake pamsonkhano wa ku Stockholm, m'dziko la Sweden, mu 2020 mayiko anagwirizana za liwiro la 30 m'malo amene oyenda pansi amasakanikirana ndi magalimoto. Palibe akunena kuti M1 yonse kapena Bypass muziyenda ngati ngolo.

Pamene ndikusiyana ndi makolo anzanuwo ndi pa chikwangwani. Pachokha n'chitsulo chabe. Mawa wina adzachizula, ndipo atrafiki sangaime pamenepo tsiku ndi tsiku. Dalaivala amamvera msewu: ukakhala wotakasuka ngati Kenyatta Drive wamakonoyu, phazi limalemera lokha. Apemphe mahampu omangidwa bwino ndi opakidwa penti, osati mizere ija yothyola masipuling'i, komanso powolokera pokwezedwa ndi kanjira ka oyenda pansi. Ngati msewuwo ndi wa m'dera, kalata ipite kukhonsolo ya mzinda. Ngati ndi waukulu, ku Roads Authority.

Kumsonkhano wa makolowo mukapezekeko, bambo. Mumadutsa pamenepo kangapo patsiku, ndiye mukudziwa penipeni pamene ana amadumphira msewu. Mukawalozere kuti hampu ikhale pomwepo.