Fayilo yanga ikuyamba yokha ndikangoichita import

Funso: Ndikuphunzira Python. Ndinalemba katundu.py yowerengera phindu la golosale ya amayi anga. Ndikalemba import katundu mu fayilo ina kuti nditengemo function imodzi yokha, imayamba kundifunsa mitengo ya sopo ndi shuga. Kodi kompyuta yanga yawonongeka?

Yankho: Kompyuta isiyeni achimwene, ilibe mlandu. Vuto ili timaliona tsiku ndi tsiku. Python ikamachita import imawerenga fayilo kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo mzere uliwonse umene suli mkati mwa function imauyendetsa pompo. Ma input anuwo mwawasiya panja, n'chifukwa chake akukufunsani.

Zofunsa mitengo ndi zosindikiza zonse zilowe mu def main():, kenako pansi penipeni pa fayilo mulembe:

if __name__ == "__main__":
    main()

Musangokopera, dzionereni nokha. Pamzere woyamba wa katundu.py lembani print(__name__). Yendetsani fayiloyo payokha, muona __main__. Tsopano yendetsani ija yochita import, muona katundu, popanda .py. Ndiye kuti Python imaipatsa fayilo dzina, limene imalisunga mu __name__, molingana ndi mmene yatsegulidwira, ndipo if uja ndi mlonda wa pageti: dzina likakhala __main__ amatsegula, likakhala lina amatseka. Ine munthu akandibweretsera code yosokonekera chonchi ndimayambira pa print ameneyu ndisanawerenge china chilichonse. Mukayendetsa katundu.py n'kuona __main__ kenako katundu, zonse ziwiri, dziwani kuti mafayilo anu akuchitana import mozungulira ndipo fayiloyo ikuwerengedwa kawiri. Mukamaliza kuyesa mufufute print uja.

Chimene chimandinyansa ndi code yotumizirana pa WhatsApp. WhatsApp imatenga timizere tapansi ( _ ) ta mu __name__ ndi __main__ ngati chizindikiro chopendeketsa malemba, n'kudya ena. Munthu amakopera osayang'ana, Python n'kumuyankha NameError, iye n'kumadandaula kuti laputopu ndi yakale. Timizere ndi tiwiri kumanzere, tiwiri kumanja. Lembani ndi zala zanu.

Pulogalamu ikangokhala chete osatulutsa kanthu, mwalemba main popanda mabulaketi, kapena simunaiitane n'komwe. Python sikukakamizani kukhala ndi main ngati mmene chiyankhulo china cha kompyuta chotchedwa C chimachitira, choncho siidzakukumbutsani.

Komanso main isanenepe. Kuwerengera phindu kukhale mu function yakeyake yolandira mtengo wogulira ndi wogulitsira n'kubweza yankho ndi return, main izingoiitana.