Albin si ya ana, achimwene

Achimwene, draw yanu ya chess ija, yomwe mnzanu anakusewererani Albin, musachite nayo manyazi, koma mwanditosa pachilonda. Albin, njira yoyambira masewero ya wogwira zakuda, anthu amaiseka chabe. Adolf Albin anaisewera ndi katswiri Emanuel Lasker ku New York mu 1893, ndipo katswiri wa ku Russia Morozevich anadzaidzutsanso m'ma 2000 n'kumazunza nayo akuluakulu. Inu d4 ndi c4, iye d5 kenako e5, pawn yaulere. Mukangoidya, yake ija imadzakhazikika pa d4 ngati fupa pakhosi, hatchi yanu ya pa b1 osaponda pa c3.

Ine zinandionekera pa mpikisano wina konkuno ku Johannesburg. Mkulu amene ndinasewera naye ndi wa ku Joubert Park, amene amasewerera ndalama tsiku lonse aja, dzanja lothamanga. Msampha wa Lasker, wodziwika uja wa mu Albin, ndinauzemba bwinobwino, ndinapita Nf3, g3, bishop pa g2. Anaponya h5, h4, kunditsegulira h, tinasinthana ma bishop, ine phee. Pofika kumapeto ndinali ndi rook yoposa, mate ili pakhomo, nthawi ikutithera tonse. Munthu uja anagwira rook yake. Anaigwira ndithu, mpaka inapendekeka, ndinaona ndi maso angawa! Kenako kuisiya, kunyamula queen, check pa e1. Mfumu yanga h2. Check pa h4. Ndibwerere g1. Check pa e1. Basi kumangozungulira pomwepo mpaka katatu, n'kukhala draw. Ndinaimitsa wotchi, mtima uli phaphapha, kuitana arbiter, woweruza wa mpikisano. Bamboyo anali pakhomo ndi foni kukhutu. Kufika, akuti panalibe mboni. Anzake a mkuluyo anazungulira tebulo, onse akuti sanaone kanthu, wina mpaka kuseka. Mwini wake n'kumati ankangoikonza. Kukonza osanena kaye? Lamulo la touch-move, loti piece ukaigwira uisunthe, analembera ndani? Theka la pointi limenelo linandichotsa pa mphoto, ndalama yolembetsera ndi ya taxi zinangopita.

Ndiye inu, pawn idyani, musaope, koma e3 pa move yachinayi ayi. Msampha wa Lasker uli pomwepo: Bb4+, Bd2, dxe3, mukadya bishop wakeyo pawn imadya f2 kenako g1 n'kusanduka hatchi ndi check, mwatha. Wina akagwira piece n'kuisiya, n'kusuntha ina, imitsani wotchi pomwepo muitane arbiter, osadikira. Draw musamavomere msanga mukakhala pamwamba. Komabe akakhala wa rating yokuposani ndipo wakupatsani yekha, gwirani dzanja muzipita, anthu a Albin safa msanga. Inenso ndikagwira zakuda masiku ano ndikusewera yomweyo.