Chaka cha 1953 cha Marilyn Monroe: dzina linakula, mphamvu zinatsala ku kampani

Achemwali, mwafunsa ngati wosewera mafilimu akayamba kutchuka ku Hollywood yakale ankasanduka mpondamatiki nthawi yomweyo. Ndikuyankhani ndi chaka chimodzi cha Marilyn Monroe, cha 1953, chifukwa nkhani yake imandigwira mtima.

Mu Januwale kunatuluka Niagara, mu Julayi Gentlemen Prefer Blondes, mu Novembala How to Marry a Millionaire. Mafilimu atatu akuluakulu m'chaka chimene ankakwanitsa zaka 27. Pa 26 Juni, iye ndi wosewera mnzake Jane Russell anadinda manja ndi mapazi awo pa simenti yosauma panja pa Grauman's Chinese Theatre ku Los Angeles, mwambo wosonyeza kuti munthu wafikapo. Mukakumbukira kuti mtsikanayu analeredwa m'makomo a eni, nthawi ina n'kukhala kunyumba yosungirako ana amasiye, mumvetsa kukula kwa tsikulo.

Koma ndalama ndi ulamuliro zinali kwina. Mu 1951 anali atasainira kontirakiti ya zaka 7 ndi kampani ya 20th Century Fox, yoyambira pa madola 500 pa sabata. Kampani ndiyo inkasankha filimu, wotsogolera, ngakhale khalidwe limene wosewera azioneka nalo pagulu. Mukakana gawo limene mwapatsidwa, ankakuimitsani ntchito popanda malipiro. N'chifukwa chake pa Gentlemen Prefer Blondes, Russell amene anamubwereka kuchokera kwina analandira ndalama zochuluka kwambiri, pomwe Marilyn ankangolandira ya pa sabata ija. Anthu ankadzaza m'nyumba zoonetsera mafilimu chifukwa cha iye, phindu n'kumapita ku kampani.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'cha mu Disembala. Magazini ya Playboy inatuluka koyamba ndi chithunzi chake ali wosavala. Chithunzicho anajambulitsa mu 1949 ali pa umphawi, n'kulandira madola 50 okha. Mwini magaziniyo, Hugh Hefner, anachigula kwa ena, Marilyn sanafunsidwe n'komwe, ndipo sanapatsidwepo kanthu. Tangoganizani, chaka chomwe dziko lonse likukutamandani, wina akudyerera masiku anu a njala.

Pofika Januwale 1954 anatopa nawo magawo a mkazi wokongola koma wopepera. Anakana kusewera mu The Girl in Pink Tights, kampani n'kumuimitsa. Ali poimitsidwapo anakwatiwa ndi katswiri wa baseball Joe DiMaggio pa 14 Januwale ku San Francisco, ndipo mu Febuluwale anakaimbira asilikali a America ku Korea. Kampani inaona kuti anthu sanamutaye, ndipo inamubwezera pa ntchito.

Ufulu wovomereza kapena kukana wotsogolera filimu anadzaupeza kumapeto kwa 1955, atachoka ku Hollywood, kukakhala ku New York n'kuyambitsa kampani yakeyake ndi wojambula zithunzi Milton Greene.