Za kachisi wa madzi wa Tirta Empul ku Bali, ndi ngati mlendo ayenera kulowa m'dziwe

Mayi, mwanena kuti mukupita ku Bali ku msonkhano wa kuntchito, ndipo anzanu akonza zoti tsiku lomaliza mukaone kachisi wa Tirta Empul, choncho mwafunsa ngati kumeneko ndi malo ongosambirako alendo monga mmene zithunzi zimaonetsera, komanso ngati inu monga Mkhristu mukuyenera kulowa nawo m'madzimo. Ine ndinafikako kamodzi, ndipo ndiyankha motsatira zimene ndinaona pamodzi ndi zimene zimadziwika za mbiri ya malowo. Tirta Empul ndi kachisi amene eni ake akupembedzeramo mpaka lero, ndipo wolowa m'dziwe lija amakhala akuchita nawo mwambo wa chipembedzo chawo. Palibe amene angakukakamizeni kulowamo, ndipo munthu amatha kuona zonse zofunika osanyowetsa ndi chala chomwe.

Kachisiyu ali m'mudzi wa Manukaya, pafupi ndi Tampaksiring m'boma la Gianyar, mtunda wa makilomita pafupifupi 15 kuchokera m'tauni ya Ubud. Dzinali limanena za madzi opatulika otumphuka pansi, ndipo mwala wakale wokhala ndi zolemba umasonyeza kuti malowa anakonzedwa cha m'ma 962, m'nthawi ya mafumu a banja la Warmadewa. Anthu ambiri a dziko la Indonesia ndi Asilamu, koma pachilumba cha Bali ambiri ndi Ahindu, ndipo chipembedzo chawocho chimatchedwanso Agama Tirta, kutanthauza chipembedzo cha madzi opatulika, chifukwa kaya ndi mwambo wa mwana wobadwa kumene, ukwati kapena maliro, sutheka popanda madzi odalitsidwa. Kachisi wa Tirta Empul anaperekedwa kwa Wisnu, mulungu amene iwo amamugwirizanitsa ndi madzi.

Wokuperekezani aliyense adzakusimbirani nthano ya chiyambi cha kasupeyu. Akuti kunali mfumu yankhanza dzina lake Mayadenawa imene inkaletsa anthu kupembedza milungu, ndipo mulungu Indra atabwera ndi asilikali ake kudzamenyana nayo, mfumuyo inazembera kumsasa kwawo usiku n'kupanga kasupe wa madzi a poizoni. Kuti isasiye mapazi odziwika, inkaponda chammbali, ndipo akuti m'menemo ndi mmene munachokera dzina la Tampaksiring. Asilikali atamwa madziwo anadwala mwakayakaya, ndiye Indra anabaya nthaka ndi ndodo yake, madzi abwino n'kutumphuka, asilikaliwo n'kuchira. Iyi ndi nthano yawo, koma ndiyo imafotokoza chifukwa chake munthu wa ku Bali amene walota maloto oipa, wadwala nthawi yaitali kapena mtima wake sukukhazikika, amanyamuka kukasamba kumeneko. Mwambowu amautcha melukat, kutanthauza kudziyeretsa.

Kachisi ali ndi mabwalo atatu. Loyamba ndi lakunja kumene anthu amasonkhana, lachiwiri ndi limene kuli maiwe osambiramo, ndipo lachitatu, lamkati, ndi lopemphereramo. Alendo ambiri amathera nthawi yawo yonse pa bwalo lachiwiri, pamene chinthu chimene ine sindichiiwala chili mkati. Kumeneko kuli dziwe lozunguliridwa ndi mpanda wa miyala limene munthu aliyense saloledwa kulowamo, ndipo ndi limene lili kasupe weniweniyo. Madzi ake ndi oyera mbee moti mumaona pansi penipeni, pamene mchenga wakuda umagudubuzika ndi kutukumuka ngati phala likubwata mumphika, koma mopanda phokoso, zomera zobiriwira za m'madzi zikugwedezeka pang'onopang'ono m'mbali. Ndinaima pamenepo mphindi zambiri, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake anthu akale ataona zimenezi anamanga mpanda n'kunena kuti pano pasaponde munthu.

Kuchokera m'kasupemo madzi amadutsa pansi n'kukatulukira m'mipopi ya miyala yosema pafupifupi 30 imene imathira m'maiwe a bwalo lachiwiri. Wofuna kuchita melukat amayamba wapereka kansembe kotchedwa canang sari, kamene ndi kadengu kakang'ono kolukidwa ndi masamba a kokonati, muli maluwa amitundumitundu ndi kamtengo ka lubani kakufuka pamwamba. Akatero amalowa m'dziwe loyamba, limene madzi ake ndi ozizira kwambiri ndipo amafika m'chiuno, n'kuyamba ndi mpopi wa kumanzere kwenikweni. Pa mpopi uliwonse amaphatikiza manja kupemphera, amasamba kumaso katatu, kenako amaweramitsa mutu kuti madzi amuthire paliwombo, n'kusunthira pa mpopi wotsatira. Pansi pali miyala yoterera, ndipo nsomba zimadutsa m'miyendo mwa anthu osaopa kanthu. M'mbali mwa dziwe mumaona mabanja athunthu, agogo ndi makanda omwe, ena atanyamula zigubu zoti atungiremo madzi okachitira miyambo kunyumba.

Pali mipopi iwiri chakumapeto kwa dziwe loyamba imene munthu wamoyo sasambapo, chifukwa madzi ake ndi ochitira miyambo ya maliro. Tsiku limene ndinali kumeneko, mnyamata wina wachilendo amene ankangoganiza za mnzake womujambula anaika mutu pa umodzi mwa mipopi imeneyi. Mayi wina wachikulire amene anali pambuyo pake pamzere sanakalipe ayi. Anangomugwira pamkono, n'kumukokera pa mpopi wotsatira, akupukusa mutu. Mnyamatayo anaseka osadziwa chimene walakwa, koma nkhope za eni malo zinaoneka kuti zawakhumudwitsa. N'chifukwa chake ndikunena kuti wofuna kulowa m'madzi atenge womuperekeza wa komweko, asamangotsanzira zimene akuchita mlendo mnzake amene ali patsogolo.

Tsopano za chikhulupiriro chanu, mayi. Ine sindinalowe, chifukwa ndinaona kuti sindingaphatikize manja pamaso pa mpopi woperekedwa kwa Wisnu kenako n'kumanena kuti ndimangodziziziritsa thupi. Kutero kukanakhala kunamiza chikumbumtima changa komanso kupeputsa pemphero la anthu amene ndinali nawo pafupi. Mnzanga amene ndinapita naye, yemwenso ndi wopemphera, analowa, ndipo anati kwa iye madzi ndi a Mulungu kulikonse kumene atumphukira. Sitinakangane. Eni kachisi amalola munthu wa chipembedzo chilichonse kuchita mwambowu malinga atsate malamulo, ndipo sanyoza amene wakhala pambali. Chimene ndingakulangizeni n'chakuti muganize mofatsa musananyamuke kuhotela, chifukwa mukafika pakhamu paja, anzanu onse atavala nsalu zosambira akukukodolani, n'zosavuta kuchita chinthu chimene mudzanong'oneza nacho bondo m'ndege pobwerera. Kwathu kunonso tikudziwa kuti kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, salowedwa chisawawa, ndipo mlendo amayamba wamva kwa osunga malo. Ulemu womwewo ndi umene ukufunika kumeneko.

Kaya mulowa m'madzi kaya ayi, aliyense, mwamuna kapena mkazi, amamanga nsalu m'chiuno ngati chitenje, ndipo amabwereketsa pakhomo pomwe mukalipira ndalama yolowera. Yosambira imakhala ina, pamodzi ndi lamba wansalu, ndipo pali timakabati tokiya tosungiramo katundu. Munthu saloledwa kupita kubwalo lamkati ndi zovala zonyowa, choncho wosamba asinthe kaye. Mayi amene ali kumwezi amapemphedwa kuti asalowe m'kachisi, chimodzimodzinso munthu amene waferedwa wachibale posachedwa, ndipo lamuloli likhudza akachisi onse a ku Bali, osati uyu yekha. Pojambula, musaime kutsogolo kwa anthu amene akupemphera, kapena kukwera pamalo okwera kuposa pamene wakhala wansembe. Madziwo musamwe ngakhale muone ena akumwa: mu 2017 panamveka malipoti akuti m'maiwe osambiramo munapezeka tizilombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba, ndipo kungoganizira unyinji wa anthu olowamo tsiku lililonse n'kokwanira kukuchenjezani.

Auzeni anzanuwo kuti mulawire, mukafike pamene akungotsegula kumene, chifukwa dzuwa likakwera mabasi a alendo amadzaza ndipo mzere wa m'dziwe umayenda ngati nkhono. Tsiku limene mwezi uli wathunthu, komanso pa chikondwerero cha Galungan chimene chimachitika masiku 210 aliwonse, eni malo amachuluka koposa. Kuona n'kosangalatsa, koma mlendo ayenera kuwapatsa mpata. Pamwamba pa phiri loyang'anizana ndi kachisi mudzaona nyumba ya boma imene anamangira Sukarno, mtsogoleri woyamba wa Indonesia, m'zaka za m'ma 1950. Njira yotulukira imadutsa mumsika wautali wa nsalu ndi zosemasema, ndipo mtengo woyamba umene angakutchulireni si umene muyenera kulipira.

Ngati galimoto ingakudikireni, pemphani kuti mutsatire kumene madziwo amapita. Akachoka m'maiwe amathira mumtsinje wa Pakerisan, n'kugawidwa m'ngalande zothirira minda ya mpunga motsatira dongosolo lakale lotchedwa subak, limene alimi amagawana madzi kudzera m'misonkhano yawo ndi m'miyambo ya m'akachisi a madzi. Dongosolo limeneli ndi limene bungwe la UNESCO linaika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2012, ndipo chigwa cha Pakerisan chili m'gulu la malowo. Pang'ono chabe kumunsi kwa mtsinje womwewo kuli Gunung Kawi, kumene kuli zipilala zikuluzikulu zosemedwa m'thanthwe zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Potsikira kumeneko pali masitepe pafupifupi 300 odutsa pakati pa minda ya mpunga, ndipo pobwerera muyenera kuwakwera onsewo, choncho muvale nsapato zafulati ndipo mutenge botolo la madzi akumwa.