Puloti ya potsetsereka: kungosalaza n'kumanga?

Sabata yatha ndalandira imelo ya mayi wina amene wagula puloti m'mbali mwa phiri. Akuti abilidala awauza kuti nkhani ndi yophweka, abweretse katapila idule dothi la kumtunda n'kukankhira kumunsi, malo asalale, basi maziko ayambike. Ndiye akufunsa, zili bho zimenezi?

Mayi, kudula n'kuthira sikolakwika ayi, anthu amatero. Vuto ndi poti nyumbayo ikhala pati. Mbali yodulayo dothi lake lakhala likutsendereka kuyambira kalekale, koma lothiralo ndi lofufuma, lodzaza mphweya. Ndiye mukaika theka la nyumba polimba theka pothira, ikangodutsa mvula ya zaka ziwiri zitatu mbali yothira ija imayamba kutitimira pang'onopang'ono inayo ili chiimire, kenako mukuona mng'alu wayambira pakona ya windo kupendekera pansi, chitseko chayamba kukhula simenti, inu n'kumadandaula kuti kalipentala anakuberani pomwe mlandu uli pansi pa nyumba.

Choncho maziko akumbidwe mpaka apyole dothi lothira, akafike pa dothi lachikhalire. Pamalo otsetsereka amakumba ngati masitepe, sitepe iliyonse yosalala bwinobwino, osati ngalande yotsata kupendekeka kwa phiri. Dothi lakuda la pamwamba lija, la mizu ndi zinyalala, lichotsedwe kaye lonse, limenelo ndi la kudimba. Ngati pena pakufunika kuthira ndithu, azithira masentimita 15 kapena 20, kuwaza madzi pang'ono, kutsendera ndi makina, kenako kuthiranso. Zothira mulu wonse kamodzi n'kupondetsa thiraki pamwamba zija ndi zongodzinamiza.

Musanalipire aliyense kumbitsani maenje atatu anayi m'malo osiyana muone zili pansi. Tengani dothilo mulinyowetse, mulipote m'manja. Likamapoteka ngati chingwe osaduka, ndi dongo limenelo, ndipo ngati ndi makande amafufuma akamwa madzi n'kung'ambika akauma, nyumba imavina nawo. Yang'ananinso mitengo ya pamalopo, ikakhala yonse yawerama kuloza kumunsi kapena yapindika patsinde, phirilo likuyenda. Pena pamene pamakhala pachinyontho ngakhale dzuwa lili phwee, pali kasupe. Mukaona chimodzi mwa zimenezi itanani injiniya, osadalira maso a abilidala okha, ndalama yakeyo ndi yochepa poyerekeza ndi kugwetsa khoma.

Kumtunda komwe mwadulako kudzafunika chipupa chogwira dothi, ndipo zambiri zimagwa chifukwa cha madzi odzaza kuseri, osati kuchepa kwa simenti. Kuseri kwake muthire kwale, musiye timabowo ta mapaipi cham'munsi kuti madzi azituluka, komanso kumtunda kwenikweni kukumbidwe ngalande yopatutsa madzi a mvula asanafike panyumba. Koma musawalozetse kwa aneba a kumunsi chonde, milandu yake siyitha.

Za anyamata okumba: dzenje likapyola m'chiuno kulowera pachifuwa, m'mbali muzitchingidwa ndi matabwa kapena mupendeketsedwe, ndipo dothi lofukulalo aziunjika patali, osachepera mita imodzi kuchoka m'mphepete. Kyubiki mita imodzi ya dothi imalemera kuposa tani, likagumukira munthu sadzuka yekha. Mvula ikagwa usiku, m'mawa asalowemo wina asanayendere m'mbali monse kuona ngati mwang'aluka.